AMUNA A KU KOREA ALANDA AKAZI A ENI KU KANJEDZA

KULI amuna ena amene alowerera m'mabanja a eni ku Kanjedza mumzinda wa Blantyre. Amunawa salipira lendi, sagula makala, ndipo ankhoswe sawadziwa, koma usiku uliwonse amapezeka m'nyumba za anthu, ena mpaka kuchipinda, mwini nyumba ali pomwepo akuliza mkonono.

Musathamangire kupolisi, awerengi. Amuna tikunenawa ndi a m'masewero a pakanema a ku South Korea, monga Lee Min-ho, Hyun Bin ndi Song Il-gook, ndipo amalowa m'nyumba kudzera pa fulashi, pa memore khadi kapena pafoni.

Lowani m'saluni ya ku Kanjedza, ku Chitawira kapena ku Chinyonga Loweruka masana. Mupeza wina akuluka tsitsi maso ali pakanema, wolukidwayo misozi ili chuchuchu, osati chifukwa cha ululu wa mesho ayi, koma chifukwa mnyamata wa ku Seoul wavula jekete lake n'kumufunditsa mtsikana pamvula.

Abambo ambiri nkhaniyi sakuimva bwino. Dandaulo lawo n'lakuti ndiwo zikupserera pambaula, bandulo ikutha msanga, ndipo mayi akugona mochedwa ngati mlonda. Koma chimene chikuwawawa kwenikweni ndi mawu aja amatuluka gawo likangotha: onani anzanu a ku Korea mmene amasamalira akazi.

Ine ndine mmodzi mwa anyamata amene amaonera masewerowa, ndipo sindibisa. Ndaonera a mafumu ndi malupanga, ndaoneranso a chikondi. Chimene ndaonamo ndi ichi: mwamuna amene amayi athu akumusirirayo ndi wosowa ngakhale ku Korea komweko. Adachita kumuumba ndi cholembera amayi anzawo a kumeneko, amene nawonso ali ndi madandaulo ofanana ndi a kuno.

Adafika bwanji?

Makolo athu amatiuza kuti m'nthawi ya Dr. Kamuzu Banda dziko lino lidalibe wailesi ya kanema. Madzulo anthu ankazungulira wailesi ya MBC kumvera masewero a pamphepo. Mafilimu ankayamba adutsa kaye m'manja mwa bungwe lounika, limene linkadula paliponse pamene anthu akupsompsonana, ndipo mayi kuvala thalauzi udali mlandu malinga ndi lamulo la mu 1973.

Television Malawi idayamba kuonetsa zithunzi mu 1999 ku Kwacha, ulendo wapansi chabe kuchokera ku Kanjedza. Koma kanema wa anthu wamba adali wa m'tinyumba ta vidiyo ta ku Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa, momwe munkalira nkhonya za Rambo ndi karate ya ku China. Kenaka kudabwera a ku Nigeria ndi ufiti wawo, nawonso adalamulira zaka zingapo.

Amene adatsegulira a ku Korea chitseko ndi anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa. Anyamatawa samasulira mawu okha, amathiramo ndi zawo, mpaka mfumu ya ku Korea kumayankhula ngati kondakitala wa minibasi ya ku Limbe. Agogo amene sadapite kusukulu adayamba kutsatira nkhani yonse popanda wowafotokozera. Lero ungopita ndi fulashi kwa mnyamata woika nyimbo ndi mafilimu, umabwerako ndi sizoni yathunthu.

Choseketsa n'chakuti masewero awiri amene adatchukitsa Korea m'maiko ambiri, Jewel in the Palace wa mu 2003 ndi Jumong wa mu 2006, adapangidwa ndi wailesi ya kanema ya kumeneko imene dzina lake ndi MBC, ngati yathuyi.

Ngati kwathu konkuno

Chimene chimakoka Mmalawi poyamba si chikondi ayi, koma ulemu. Munthu wa ku Korea akamalandira chinthu kwa wamkulu amalandira ndi manja awiri. Akamamwa pamaso pa wamkulu amatembenuzira nkhope kumbali. Sayamba kudya wamkulu asadayambe. Akalowa m'nyumba nsapato zimatsala pakhomo. Amayi athu akaona zimenezi amagwedeza mutu n'kunena kuti anthu awa adalangidwa.

Wamkulu samutchula dzina wamba. Mtsikana amaitana mchimwene wake wamkulu kuti oppa, ndipo mnyamata amaitana mchemwali wake wamkulu kuti noona. Mawu amasintha malinga ndi amene akuyankhulayo, monga mmene ife timanenera kuti mlongo wanga. Mayi akabereka amayamba kutchulidwa ndi dzina la mwana, chimodzimodzi ife tikamati amake a uje.

Mizimu ya makolo nayo saitaya. Pa chikondwerero chawo cha zokolola chotchedwa Chuseok, mabanja amabwerera kumudzi kukayala chakudya cha nsembe ndi kugwadira makolo amene adatsogola. Munthu woti adaonapo mwambo wa sadaka kumudzi sangadabwe nazo.

Palinso china. M'masewero ambiri a ku Korea, mnyamata ndi mtsikana amatha magawo asanu ndi atatu asadagwirane ngakhale dzanja. N'chifukwa chake ungaonere pabalaza apongozi ali pomwepo popanda kunamizira kuti ukupita kukamwa madzi. Mafilimu a ku America sapereka mwayi umenewo.

Kumeneko n'kuchitengwa

Koma pamene Korea yasiyana nafe kwambiri, makamaka ife a kuno kummwera, ndi pankhani ya ukwati. Mwa Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe ambiri, mwambo ndi wa chikamwini. Mwamuna ndiye amanyamuka kukamanga kwa mkazi, ana ndi a kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi malume. Wovutika m'nthano zathu ndi mkamwini, amene amadzuka mbandakucha kukalima munda wa apongozi.

Ku Korea zinthu n'zotembenuka. Kumeneko n'kuchitengwa kokhakokha, ndipo wolira m'masewero awo ndi mtengwa. Apongozi aakazi amalawa ndiwo n'kukwinya nkhope, amafunsa kuti mwana wamwamuna abwera liti, ndipo pa Chuseok mtengwa amakhala tsiku lonse akukazinga kukhitchini amuna ali pabalaza kudikira mbale.

Zimenezi sizopeka. Dzikolo lidali ndi lamulo la kaundula wa mabanja lotchedwa hoju, limene linkaika mwamuna kukhala mutu wa banja pamaso pa boma. Bambo akamwalira, umutuwo unkapita kwa mwana wamwamuna, ngakhale akhale wa kumkaka, mayi ake ali moyo. Mayi akasiyana ndi mwamuna, ana ankatsalabe m'kaundula wa bambo ngakhale akuleredwa ndi mayiyo. Amayi a kumeneko adalimbana nalo lamuloli mpaka nyumba ya malamulo idalithetsa mu 2005, ndipo lidasiya kugwira ntchito pa 1 January 2008.

Kufuna mwana wamwamuna kudafika poipa. M'chaka cha 1990, pa ana aakazi 100 alionse obadwa ku South Korea, aamuna ankaposa 116, chifukwa anthu ena ankati akadziwa kuti mimba ndi ya mtsikana ankaichotsa. Lero chiwerengerocho chidabwerera m'malo mwake, ndipo mabanja ambiri kumeneko akukondwera ndi ana aakazi.

Wina angafunse kuti nanga mayi wa ku Thyolo kapena ku Mulanje, woti kwawo ndi mwini nthaka, akuliriranji poonera mtengwa wa ku Seoul? Yankho lake lili m'tauni muno. Chikamwini chimatsala pa depoti ya Wenela. Mukangolowa m'nyumba ya lendi ku Kanjedza, mwini mawu ndi amene amalipira pakutha pa mwezi, ndipo malume ali kutali. Alamu ndi apongozi a kuchimuna amabwera popanda kuodira, n'kukhala miyezi itatu. Bambo akamwalira, abale omwewo amabwera ndi lole. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 lidati kulanda katundu wa mayi wamasiye ndi mlandu, koma ndani mwa ife sadamvepo za mayi amene adasiyidwa ndi mphasa yokha?

Ndiye mayi wa ku Kanjedza akamaonera apongozi a ku Korea akutembenuza mbale, saona zachilendo. Amaona Lamulungu lapitali.

Ng'ombe zazikazi zokoka ngolo

Anyamata ambiri amakonda Jumong chifukwa cha mauta ndi nkhondo. Ndi sewero la magawo 81 lonena za munthu amene adayambitsa ufumu wa Goguryeo. Koma onetsetsani bwino kuti chuma chomangira ufumuwo chidachokera kuti. Chidachokera kwa Soseono, mwana wamkazi wa mkulu wa amalonda, amene ankatsogolera yekha maulendo a malonda, kuwerengera phindu ndi kukambirana ndi mafumu maso ndi maso.

Ndipo mathero ake ndi amene amawagwira mtima amayi. Mkazi woyamba wa Jumong atatulukira ndi mwana wake wamwamuna, Soseono sadakhale pansi kulimbirana mpando. Adatenga ana ake awiri, Biryu ndi Onjo, n'kulowera kummwera, komwe kudabadwa ufumu wina wa Baekje. Mayi aliyense amene adathandiza mwamuna kumanga nyumba ndi ndalama za mandasi, kenaka n'kumva kuti kuli mwana wina ku Machinjiri, nkhani imeneyi safuna womumasulira.

Jewel in the Palace nayo ndi nkhani ya mtsikana wamasiye, Jang-geum, amene adalowa kunyumba yachifumu ngati wophika. Adamuchitira chiwembu, adamuthamangitsira kuchilumba cha Jeju, ndipo kumeneko adaphunzira zamankhwala. Atabwerera adakwera mpaka kukhala sing'anga wa mfumu, nduna zonse zachimuna zikukana kuti mkazi sangagwire thupi la mfumu. Dzina la mayiyu limapezekadi m'mabuku a mbiri ya Mfumu Jungjong, imene idalamulira kuyambira mu 1506 mpaka 1544, ngakhale zambiri za m'seweromo n'zokometsera.

Nduna zimenezo ife tikuzidziwa. Joyce Banda atakhala mtsogoleri wa dziko lino mu April 2012, tidamva anthu akuponya mwambi uja wakuti ng'ombe yaikazi siikoka ngolo. Miyezi itatu m'mbuyo mwake, mu January 2012, mavenda ena adavula amayi ovala mathalauzi m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre, ngati kuti lamulo la mu 1973 likadalipo. Pankhani ya mtsogoleri wamkazi tidawatsogolera a ku Korea, chifukwa Park Geun-hye adalowa m'boma mu February 2013. Onse awiri sadakhalitse: wathu adagwa pachisankho cha mu 2014, wawo adachotsedwa ndi khoti mu 2017 pa milandu ya katangale.

Mwamuna wophika

Tsopano tifike pa mwamuna amene wabweretsa mapokoso m'nyumba.

Mu Crash Landing on You, sewero la mu 2019, mayi wina wolemera wa bizinesi wa ku Seoul akuuluzidwa ndi mphepo yamkuntho n'kukagwera ku North Korea. Amene akumupeza ndi msilikali, Captain Ri. Msilikaliyu, m'malo momupereka kwa akuluakulu, akumubisa m'nyumba mwake. Akumukandira ufa n'kumuphikira, akumukazingira khofi pamoto, akumugulira zofunika kumsika. Mudziwo magetsi amathimathima, amayi amachapa ndi manja uku akudya miseche, ndiye anthu a ku Kanjedza amangoona ngati ajambula kuseri kwa nyumba yawo.

Taonani bwino. Munthuyu ndi msilikali, nkhonya amaidziwa, sayankhulayankhula. Palibe anganene kuti ndi wofooka. Koma akugwira mthiko, ndipo palibe chimene chikumuchoka.

Kuno kwathu mwamuna akangopezeka akutsuka mbale mkazi ali pomwepo, nkhani imafika pabawo dzuwa lisadalowe. Amati adamudyetsa khuzumule. Achemwali ake amayamba kufufuza sing'anga woti amusanzitse. Mwamuna yemweyo ali pa ubatchala ankaphika nsima yosalala bwino, koma tsiku la ukwati manja adapuwala.

Sewero lina la mu 2025, When Life Gives You Tangerines, lidaonetsa chinthu chaching'ono chimene chidaliza anthu ambiri. Nkhani yake ikuchitikira pa Jeju, pomwe amayi amamira m'nyanja popanda zida zopumira kukatola nkhono zogulitsa kuti adyetse mabanja. M'nyumba ya apongozi, amuna akudyera patebulo lawo la ndiwo zabwino, akazi ndi ana aakazi akudyera pambali zotsalira. Tsiku lina mnyamata wa m'nyumbamo, Gwan-sik, akungotembenuka ndi mbale yake, kufulatira tebulo la amuna, n'kuyamba kudya ndi mkazi wake ndi mwana wake wamkazi. Sadakalipe, sadamenye munthu. Adangotembenuka.

Ndani sadziwa nyumba imene nthuli zazikulu ndi chiwindi zimapita m'mbale ya bambo, mayi n'kumanyambita msuzi kukhitchini?

Adamulemba ndani?

Apa ndi pamene pagona nkhani. Ambiri mwa olemba masewero a pakanema ku South Korea ndi amayi. Crash Landing on You adalemba ndi Park Ji-eun. Jewel in the Palace adalemba ndi Kim Young-hyun. Kim Eun-sook, amene adalemba Goblin ndi The Glory, ndi mayinso. Ndipo oonera ambiri kumeneko ndi amayi.

Munthu wokhuta salota nsima. Amayiwa akamalemba mwamuna wophika, womvetsera, wopepesa akalakwa, akulemba chimene akuchisowa.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. South Korea ndi dziko limene lidatuluka m'nkhondo ya mu 1950 mpaka 1953 lili bwinja, koma lero ndi kwawo kwa Samsung, LG, Hyundai ndi Kia. Anthu a kumeneko adafika pomanga chipatala cha Daeyang Luke ku Lilongwe. Komabe pakati pa maiko olemera a m'bungwe la OECD, kumeneko ndi kumene malipiro a amayi atsalira kwambiri: mayi amalandira ndalama zochepera ndi pafupifupi 30 pa 100 iliyonse poyerekeza ndi bambo. Amayi ambiri ophunzira bwino amasiya ntchito akangobereka, ndipo pobwerera amapeza mpando udapita kale.

Mu 2016 mayi wina, Cho Nam-joo, adatulutsa buku lotchedwa Kim Ji-young, Born 1982, lonena za moyo wa mayi wamba kuyambira kubadwa, sukulu, ntchito, ukwati mpaka kusokonezeka maganizo. Mulibe mfiti, mulibe chigawenga, muli zinthu zazing'onozing'ono za tsiku ndi tsiku. Bukuli lidagulidwa makope oposa 1 miliyoni, ndipo atalisandutsa filimu mu 2019, amuna ena adakwiya mpaka kutukwana pa intaneti mtsikana amene adasewera ngati Ji-young. Amuna okwiyawo ndi a dziko lomwelo limene lidapanga sewero la Captain Ri.

Zotsatira zake n'zoopsa. Atsikana ambiri a kumeneko akuchedwetsa ukwati, ena akuukana kumene. Mu 2023 chiwerengero cha ana pa mayi mmodzi chidatsika kufika pa 0.72, chotsikitsitsa padziko lonse. Kuno kwathu mayi amabereka ana pafupifupi anayi. Kumeneko sukulu zina za kumidzi zikutsekedwa chifukwa chosowa ana. Zifukwa zake n'zambiri, monga kukwera mtengo kwa nyumba ndi sukulu komanso kutalika kwa maola a ntchito, koma amayi eni ake amatchulanso kuti mtolo wa pakhomo umagwera iwo okha.

Ndiye achemwali anga amene mumalota zokwatiwa ku Seoul, dziwani kuti atsikana a ku Seoul nawonso akumusakasaka mwamuna mukumuonayo.

Zina n'zosayenera kutengera

Si zonse za m'masewerowa zimene ndimaombera m'manja. Pali chizolowezi china chimene chimabwerezedwa kawirikawiri: mtsikana akufuna kuchoka, mnyamata akumugwira pamkono mwamphamvu n'kumukoka, kwinaku nyimbo yokoma ikulira. Mtsikana akuti ayi, koma seweroli likutiuza kuti mumtima akuti inde.

Boys Over Flowers wa mu 2009, amene adatchukitsa Lee Min-ho, ndi chitsanzo. Mnyamata wa kubanja lolemera akuyamba ndi kuzunza Jan-di, mwana wa munthu wochapa zovala. Akumuikira chizindikiro kuti sukulu yonse imuzunze, ana akumugenda ndi mazira ndi ufa, kenaka akutuma anyamata ake kukamugwira mokakamiza. Pamapeto pake akutiuza kuti chonsecho chidali chikondi.

Bodza limenelo kuno tili nalo kale, sitikusowa la kunja. Tidakula tikumva kuti mwamuna akakumenya ndiye kuti amakukonda, kuti banja ndi kupirira. Dziko lino lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja kuyambira mu 2006, ndi lina loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la mu 2013. Mtsikana wa Fomu 2 amene akuonera Jan-di akukokedwa pamkono ayenera kuuzidwa kuti zikamuchitikira panjira ya kusukulu, dzina lake si chikondi.

Chachiwiri ndi nthano ya mtsikana wosauka amene amapulumutsidwa ndi mwana wa mwini kampani. Nthano imeneyi m'tauni muno ili ndi mathero ena. Galimoto imaimadi pa siteji, koma woyendetsa wake amakhala bambo wa ana anayi, ndipo sizoni yake imathera kusikelo kapena pamzere wa mankhwala otalikitsa moyo.

Chachitatu ndi khungu. Aliyense m'masewerowa ndi woyera mbee, wosalala ngati dzira. Zambiri mwa zimenezo ndi zodzoladzola ndi magetsi a ojambula, ndipo dzikolo limadziwika ndi maopaleshoni okonza nkhope. Koma kuno atsikana ena akuthamangira mafuta oyeretsa khungu a mumsika, mapeto ake nkhope ya mtundu wina, zala za mtundu wina. Khungu lathu lilibe mlandu.

Nanga mowa? Bwana ndi antchito ake kumwa soju mpaka kunyamulana kumsana. Pamenepo abambo a kuno sangaphunzirepo chachilendo.

Funso kwa abambo

Tiyeni tiyankhulane ife amuna. Kuthyola fulashi kapena kubisa rimoti sikuthetsa nkhaniyi. Funso loyenera kudzifunsa ndi lakuti, kodi mayi amene wadzuka 4 koloko m'mawa kukatunga madzi mipope itauma, wakonzekeretsa ana, wakhala tsiku lonse pa kaunjika mumsika wa Limbe kapena mu ofesi ku Ginnery Corner, wabwerako n'kuyatsa mbaula, akusowa chiyani kuti atsegulebe maso mpaka pakati pa usiku kuonera mwamuna wa eni akuphika?

Si galimoto ayi. Amayi athu si ana, akudziwa kuti ndege ndi nyumba zosanja zija n'za pakanema. Mukamvetsera bwino zimene amakambirana pa banki m'khonde kapena pa mpopi, satchula chuma cha mnyamatayo. Amatchula kuti adamufunsa mkazi ngati wadya. Adamudikira. Adamuikira kumbuyo pamaso pa mayi ake omubereka. Adati pepa.

Zinthu zimenezi sizifuna ndalama yakunja. Ngakhale kwacha igwe chotani, mtengo wake sukwera.

Ndipo tisanamizire chikhalidwe. Chikhalidwe chomwecho chimene timabisalamo ndi chimene chinkatuma mkamwini kukadula mitengo, kumanga nkhokwe ndi kulima munda wa apongozi. Agogo athu aamuna ankagwira ntchito yooneka ndi maso pakhomo. M'tauni muno mulibe nkhokwe yomanga, mulibe munda wosweramo mphanje, ndiye ntchito ya bambo ena yangotsala kufunsa kuti nsima ipsa liti. Chimenecho si chikhalidwe, ndi ulesi wovala jekete.

Ifenso timakhala maola awiri kuonera Maule ndi Manoma, kapena timu za ku England zimene sizidziwa n'komwe kuti kuli Kanjedza. Palibe amatiimba mlandu wofuna kukwatira Arsenal.

Kwa amayi nako mawu alipo. Mwamuna wa pakanema ali ndi womulembera mawu, womudzoza ndi womuyatsira magetsi, ndipo akalakwitsa amajambulanso. Wanuyo amayankhula za m'mutu mwake atatsika minibasi yodzaza anayianayi. Kumuyerekeza ndi Hyun Bin pamaso pa ana sikungamusinthe. Koma kumuuza mwachindunji chimene mukufuna, ngakhale pamaso pa ankhoswe, ndi ufulu wanu. Ndipo inu amene muli ndi ana aamuna, apatseni mthiko akadali aang'ono. Apongozi ankhanza a mawa ndi inu nomwe amene mukulira pakanema lero.

Olemba athu ali kuti?

Chomaliza chimene masewerowa andiphunzitsa n'chakuti nkhani ya pakhomo ndi malonda. A ku Korea atenga apongozi, khitchini ndi misozi yawo n'kugulitsa dziko lonse. Ife nkhani tili nazo zoposa pamenepo: mkamwini wothamangitsidwa atakolola, mayi wamasiye wolandidwa nyumba, bambo amene adapita ku Joni n'kuiwala njira, mtsikana wogulitsa zitumbuwa kuti alipire mayeso a Fomu 4.

Luso liliponso. Shemu Joyah adationetsa ndi Seasons of a Life komanso The Road to Sunrise. Joyce Mhango Chavula adabweretsa mphotho kuchokera ku Nigeria mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe. Malemu Gertrude Kamkwatira ankadzaza maholo ndi masewero olemba yekha. Chikusowa ndi eni ndalama ndi eni mawailesi a kanema oti akhulupirire kuti mayi wa ku Chilomoni akhoza kulemba magawo 50 amene dziko lonse lingasiye nsima kuti liwaonere.

Tsiku limene amayi a kuno adzapatsidwe cholembera chimenecho, tidzamuona mwamuna amene iwo akumufuna, ali ndi dzina la kwathu, akuyankhula Chichewa chosachita kumasulira. Abambo anzanga, ndi bwino tiyambiretu kuphunzira kuyatsa mbaula, chifukwa mwamuna ameneyo akadzatulukira sitidzakhalanso ndi ponamizira kuti izo n'za ku Korea.